Za Collie wanga uja, sindinamumete

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndingamete galu wanga wa mtundu wa Rough Collie poti ubweya unali utapiringizana kuseri kwa makutu. Zikomo nonse amene munandiletsa. Adokotala a ziweto anandiuza kuti galuyu ali ndi ubweya wautali pamwamba ndi wina wofewa mkati, ndipo ukameta umamera mosalongosoka, khungu n'kumapsa ndi dzuwa.

Pano ndimamupesa katatu pa sabata. Ndimayamba ndawaza timadzi, kenako n'kumasula mfundozo ndi zala, osakoka. Tsiku loyamba ubweya unadzaza jumbo, galuyo ali phee, mchira wokha ukugunda pansi. Adokotalawo anachenjezanso za ivermectin, mankhwala opha njoka zam'mimba, akuti ma Collie ambiri amadwala nayo kwambiri, ndiye mankhwala a njoka zam'mimba ndimayamba ndawafunsa iwo.