Thandizeni abale, wifi sikufika kuchipinda

Abale anga muli bwanji, ndili ndi vuto kuno ku Kalongwezi ndipo landitopetsa zedi. Mwezi watha ndinagula rauta ya 4G, ndinaiika pabalaza pamwamba pa kabati pafupi ndi TV. Pamenepo netiweki ili bwinobwino, koma ukangolowa kuchipinda timizere tonse timatha, kamatsala kamodzi kokha mwinanso kudukiratu. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, makoma ake ndi okhuthala, ndiye pakati pali kolido ndi bafa. Mwana wanga wamkazi amaphunzira pa intaneti madzulo, dzulo ndamupeza wakhala pansi pa kolido laputopu ili pamiyendo udzudzu ukumuluma, zinandiwawa mtima kwambiri.

Mnyamata wina wogulitsa mafoni mu tauni anandiuza kuti ndisinthe mafunde a wifi pa rauta, ndichoke pa 5GHz ndiike pa 2.4GHz poti ndi imene imadutsa makoma bwino ngakhale liwiro limatsika, ndayesa ndipo zasinthako pang'ono koma chipinda chakumapeto palibe chilichonse. Ena akuti ndigule extender (kachipangizo kolandira wifi nkuifikitsa patali), ena akuti ndikoke chingwe cha LAN (chingwe cha intaneti chochokera ku rauta) kudenga ndiike rauta yachiwiri uko. Ndiye chabwino nchiti? Extender imeneyo sichepetsa liwiro? Nanga ndiiika pati, pa kolido kapena m'chipinda momwemo? Chinanso, magetsi akathima rauta ndimayatsa ndi pawabanki, kodi extender nayo ingagwire motero? Amene munayesapo ndithandizeni chonde, ndalama ndi yochepa sindifuna kugula chinthu choti chingokhala mu kabati.