Zotsatira za wind tunnel ndi CFD sizikugwirizana: tiziika bwanji pa slide ku msonkhano wa AIAA SciTech?

phiko_lamanzere:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Abstract (chidule cha pepala langa) yalandiridwa ku SciTech, msonkhano wa AIAA, bungwe la ku America la akatswiri a za ndege, kafukufuku wake ndi wa phiko la drone yaing'ono, chord yake (mulifupi wa phiko kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo) 0.2 m, mphepo ikuthamanga 15 m/s. Vuto ndi loti drag (mphamvu ya mphepo yobweza phiko m'mbuyo) yoyezedwa mu wind tunnel (chipinda choyesera mapiko ndi mphepo) ndi yokwera kuposa ya CFD (kuwerengera kayendedwe ka mphepo pa kompyuta), makamaka pa angle zazing'ono. Kodi kusiyanaku kuonetsedwe poyera kapena kuikidwe kumapeto? Nanga m'mphindi 20 mungalowe ma slide angati?

Nachisale_aero:

Achimwene, musabise. M'chipindamo mudzakhala anthu amene akhala akuyeza mapiko ngati amenewa zaka zambiri, ndipo akangoona chord ndi liwirolo amawerengera okha m'mutu kuti Reynolds number (Re, nambala yosonyeza mtundu wa kayendedwe ka mphepo pa phiko) ili cha pa 200,000. Pamenepo aliyense amadziwa kuti mphepo imayamba yasiyana ndi phiko ikadali laminar (ikuyenda mosalala), n'kudzabwereranso pambuyo itasokonekera, n'kupanga kathumba kamene timati laminar separation bubble. Ngati CFD yanu munayendetsa ndi model ya k-omega SST kapena Spalart-Allmaras ija yoganiza kuti mphepo ndi turbulent (yosokonekera) kuyambira kutsogolo kwenikweni kwa phiko, kathumbako siikuona n'komwe. Ndiye kusiyanako si chamanyazi, ndi nkhani yanu yomwe. Muike pa slide yachitatu kapena yachinayi, mizere iwiriyo pa graph imodzi, n'kunena chifukwa chake.

Koma musanaloze chala CFD, fufuzani kaye mbali ya tunnel, chifukwa mafunso adzachokera uko. Drag munayeza ndi balance (sikelo yoyezera mphamvu pa phiko) kapena ndi wake rake (timapaipi toyezera mphepo kumbuyo kwa phiko)? Pa Reynolds yotsika chonchi mphamvu ya drag imakhala yaing'ono kwambiri, ndipo balance imawerengera pamodzi drag ya zitsulo zogwirizira phiko ndi ya mpata wa pakati pa phiko ndi khoma. Ngati simunachotse tare, yomwe ndi drag ya zitsulozo, nambala yanu ikhala yokwera basi. Chachiwiri ndi blockage: phiko likatseka gawo loposa 5 peresenti ya test section, mphepo imathamanga kwambiri pozungulira phikolo kuposa momwe pitot yanu (choyezera liwiro la mphepo) ikunenera, ndiye muyenera kunena kuti munakonza bwanji. Chachitatu, turbulence intensity (mlingo wa kusokonekera kwa mphepo) ya tunnel yanu ilembedwe pa slide. Tunnel ya mphepo yosokonekera kwambiri imafupikitsa kathumba kaja, ndiye zotsatira za ma tunnel awiri zimatha kusiyana pa phiko limodzimodzi.

Graph iliyonse ikhale ndi Re pakona, ndi error bar (kamzere kosonyeza kukula kwa chikayiko cha muyeso) pa dontho lililonse. Graph yopanda error bar anthu amaiona ngati yojambula pamanja.

mesh_ndi_nsima:

Ndiwonjezere za CFD, poti apa ndi pomwe ophunzira ambiri amakodwa. Funso loyamba la munthu wa CFD limakhala la mesh, ukonde wa ma cell womwe kompyuta imawerengeramo mphepo, loti "mesh yanu munaiyesa?" Yankho loti "tinaonjezera ma cell ndipo sizinasinthe kwenikweni" silokwanira. Pamafunika ma mesh atatu, iliyonse ya ma cell aang'ono kuposa a inzake ndi chiwerengero chosachepera 1.3 mbali iliyonse. Mu 3D zikutanthauza kuti ma cell akuchuluka pafupifupi ka 2.2 ulendo uliwonse, ndiye yambani msanga, kompyuta idzadya masiku. Mukatero werengerani GCI, njira ya Roache ija yoyezera cholakwika chochokera ku mesh, n'kuika nambala imodzi pa slide. Nenaninso y+ ya cell yoyamba pakhoma, nambala yosonyeza kuyandikira kwake ku khoma la phiko. Kwa SST iyenera kukhala cha pa 1 kapena kutsika apo. Ikakhala 30 ndiye kuti mukudalira wall function, njira yachidule yongoyerekeza mphepo ya pakhoma, ndipo za kathumba kaja iwalani.

Ngati nthawi ilipo pepala lisanatumizidwe, yendetsaninso ma angle atatu okha ndi transition model ya Langtry ndi Menter (yotha kuona pomwe mphepo yosalala imasanduka yosokonekera), komanso pulogalamu ya XFOIL pa Ncrit (nambala yoimira kudekha kwa mphepo yobwera) 9 ndi ina yotsikirapo. XFOIL imatha m'masekondi ochepa. Mukaona kuti mzere ukusendera kufupi ndi wa tunnel, mwapeza slide yabwino kuposa zonse.

Zithunzi za utoto wambirimbiri zija za contour musachulutse. Chimodzi chokha, choonetsa pomwe mphepo yasiyana ndi phiko ndi pomwe yabwerera, muvi utaloza pamenepo. Zina zonsezo zimangokongoletsa.

Nachisale_aero:

Za chiwerengero cha ma slide ndinasiya. Mphindi 20 zija ndi pamodzi ndi mafunso komanso kusinthana kwa olankhula, ndiye zanuzanu ndi 15. Ma slide 12 mpaka 14 akwana. Mbiri ya ndege zopanda woyendetsa isatenge mphindi yoposa imodzi, onse m'menemo akuidziwa kale. Ma equation a Navier-Stokes musaike, palibe amene adzawawerenge. Kukula kwa zilembo kusachepere 24 point, za m'mbali mwa graph zisachepere 18, chifukwa graph yokopedwa m'pepala momwe ilili siioneka kwa wokhala kumbuyo. Mizere isiyanitsidwe ndi zizindikiro, madontho kwa tunnel, mzere wosaduka kwa CFD, osati kufiira ndi kubiriwira kokha. Pambuyo pa slide yomaliza sungani zina zisanu za mafunso: mesh, uncertainty, chithunzi cha phiko lili mu tunnel, calibration ya balance, ndi Cp (kagawidwe ka pressure pa phiko). Wina akafunsa, mumangodumphira pamenepo m'malo mojambula ndi manja m'malere.

Gogo_Mach:

Zonsezi ndi zoona, koma ine ndikutsutsako pang'ono zoika kusiyanako koyambirira ngati chifukwa chake simunachitsimikize. Kunena kuti "ndi separation bubble" popanda Cp kapena oil flow yoonetsa kathumbako ndi kungoganiza, ndipo wina adzakufunsani umboni anthu onse akumva. Oil flow siyovuta. Pakani mafuta osakaniza ndi utoto pa phiko, yatsani tunnel, jambulani chithunzi: ndi ntchito ya tsiku limodzi. Pamene mafuta aunjikana m'mzere ndi pomwe mphepo yasiyana ndi phiko. Popanda chimenecho, nenani kuti "tikuganiza kuti", osati "tapeza kuti".

Tsono pali za kunja kwa sayansi zomwe zimagwetsa anthu. SciTech imachitika mu Januwale ku America, pepala lathunthu limafunika kumayambiriro kwa Disembala, ndipo AIAA ili ndi lamulo loti wosatumiza pepala salankhula, wosabwera kudzalankhula pepala lake silisindikizidwa. Kwa wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia apa mpofunika kusamala: mu Ogasiti 2025 America idayamba kufuna chikole cha $5,000 mpaka $15,000 pa visa ya alendo ya B1/B2 kwa nzika za mayiko awiriwa, ndipo malamulowa akusinthasintha. Onetsetsani kuti pa olemba anzanu pali wina amene angathe kukaima m'malo mwanu, ndipo akhale atalembetsa. Ngati pa kafukufukuyo pali ndalama kapena zipangizo za kampani kapena za asilikali a ku America, chilolezo cha ITAR (malamulo a America oyang'anira kutulutsa ukadaulo wa zankhondo) chimatengedwa abstract isanapite, osati sabata yonyamuka.

Ngati mwayesapo phikolo pouluka, lembani kutalika kwa malowo. Pa 1,000 m, ngati ku Kasungu kuja kuli njira yoyeserera ma drone, mpweya umalemera 1.11 kg pa cubic metre m'malo mwa 1.225 ya kunyanja, ndiye lift (mphamvu yonyamula phiko) imatsika ndi 9 peresenti pa liwiro lomwelo, ndipo Re yanu imagwera cha pa 190,000. Yerekezani ma coefficient, osati ma newton.

mesh_ndi_nsima:

Za oil flow a Gogo anena zoona, ndavomera. Chithunzicho muchiike pambali pa skin friction (kukhukhuza kwa mphepo pa phiko) ya CFD, pa x/c yofanana, ndiko kuti malo omwewo pa chord. Kanema aliyense akhale mp4 wolowetsedwa m'kati mwa fayilo, ndipo mukamuyese pa kompyuta ya m'chipindacho nthawi yopuma session isanayambe. PDF ina ikhale pa flash.