Pa chess ndikakhala ndi zakuda, wa zoyera akayamba ndi kukankha poni pa d4 ndiziyankha ndi chani?

poni_ya_c7: Anzanga ndithandizeni. Munthu akayamba ndi e4 ndilibe vuto, koma akangokankha d4 ndimasowa pogwira, lero ndimayesa opening (kayambidwe ka gemu) ya Slav mawa King's Indian, palibe yomwe ndaidziwa bwino. Ndikufuna opening imodzi yoti ndikakamire, nthawi yoloweza ma layini ataliatali ndilibe.

hatchi_f6: Achimwene musavutike, tengani Queen's Gambit Declined basi, d5 kenako e6, Nf6 (hatchi pa f6), Be7 (bishopu pa e7) nkukasula (castling, kubisa mfumu). Akatswiri Capablanca ndi Alekhine pa match yawo ya 1927 pafupifupi magemu onse anasewera yomweyi. Chovuta nchakuti bishopu wa pa c8 amatsekeka ndi poni yanu yomwe, ndiye muziyang'ana mpata wokankha c5 kapena e5 kuti apume.

blitz_usiku: Koma imatopetsa bwanji kkkk. Ine King's Indian mpaka kale, umamusiya wa zoyera adzaze pakati, akatseka ndi d5 iwe hatchi ya pa f6 uichotse ukankhe f5 nkuthamangira mfumu yake, iye akulimbana ndi mbali ya kwini. Akatswiri Fischer ndi Kasparov ankaisewera. Ukachedwa move imodzi wapita, zimenezo ndivomere.

hatchi_f6: Munthu wanena kuti alibe nthawi inu mukumupatsa King's Indian?

bishopu_b4: Opening ya Nimzo-Indian ndiyabwino, Nf6, e6, Bb4, koma imafuna kuti mnzanuyo aike hatchi pa c3. Akasewera Nf3 muyenera kukhala ndi ina pambali, apa mpamene Queen's Gambit ija imathandiza chifukwa mungosewera d5 mwalowamo. Komanso konzekerani opening ya zoyera yotchedwa London, ambiri pa intaneti c4 sakankha nkomwe, amangotulutsa Bf4.

poni_ya_c7: Eeh London yo ndiyomwe imandidya. Ndiyamba ndi d5 ndi e6, koma pa Bf4 ndizikankha c5 msanga kapena ndidikire?