Makina ochapira akuyenda okha akamafinya zovala, ndithandizeni

Akuluakulu, amene mumadziwa za makina ochapira ndigawireniko nzeru. Ndili kuno ku Mangochi boma. Makina anga ndi aja achitseko chakutsogolo, a makilogalamu 7, ndinagula kwa munthu wina amene anabwera nawo kuchokera ku Joni. Pochapa ndi potsukuluza ali phee, koma akafika pofinya madzi pa liwiro lozungulira ka 1200 pa mphindi amagwedezeka mpaka kuchoka pamalo, payipi yamadzi kuchita kukokeka. Phokoso lake ngakhale aneba amalimva.

Mabawuti akumbuyo omangira dramu (chigubu chozungulira choikamo zovala chija) paulendo anachotsedwa kale. Miyendo inayi ija ndinaipotokola kuti ifanane, ngakhale simenti yapakhonde pomwe ali ndi yotsetsereka pang'ono, amisiri anaipanga dala kuti madzi amvula azitsika. Ndikaikamo bulangete limodzi ndiye zimanyanya, limaunjikana mbali imodzi. Zovala zopepuka pa 800 zimakhalako bwino.

Chikundidetsa nkhawa ndi ichi: makina ali chozima, ndikakankha dramu ndi dzanja imadumphadumpha kangapo isanakhazikike, ndipo pansi pamamveka kuti gu gu. Poizunguza sikukhuluza ayi, nchifukwa chake sindikukayikira mabering'i. Kodi amenewa ndi mashoko ochirikiza dramu atha, kapena mwala wasimenti wam'kati wolemeretsa makina uja wamasuka? Nanga mashoko amasintha onse pamodzi?

Komanso ngati alipo mmisiri wodalirika kuno kapena ku Liwonde, ndilozereni. Kunyamula chimakina cholemera chonchi mpaka ku Blantyre thiransipoti yake njowawa.