Kodi mphaka woyamwitsa angalere ana a mnzake?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Salima, cha ku Senga Bay. Dzulo mphaka wathu anagundidwa ndi njinga yamoto n'kufera pomwepo, wasiya tiana titatu tosatsegula n'komwe maso. Tianato tachezera kulira m'katoni. Ndinayesa kutimwetsa mkaka wa ng'ombe, koma kamodzi katsegula m'mimba, ndiye ndaleka.

Mayi ena oyandikana nafe ali ndi mphaka amene anaswa sabata yatha, ana awiri okha, ndipo avomera kuti tiyese kumupatsa. Mantha anga ndi oti angatilume kapena kungotikana. Ena akuti ndiyambe ndatipukuta ndi kansanza kogonera ana akewo kuti fungo lifanane. Alipo amene anayesapo zimenezi? Ndiike tonse nthawi imodzi kapena kamodzikamodzi? Nanga mkaka wake ungakwanire ana asanu?