Nduna inalonjeza m'Nyumba ya Malamulo, koma matenite akali okhoma: tilowere pati?

aNaphiri: Mwaswera bwanji nonse a m'maofesi a aphungu kuno ku Zambia. Ndabwera ndi vuto, ndigawireniko nzeru. Pa kiliniki ina m'dera lathu tinamanga matenite ndi ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu), nyumba inatha chaka chatha. Mu Novembala abwana, phungu wathu, anafunsa m'Nyumba ya Malamulo kuti idzatsegulidwa liti, nduna ya zaumoyo nkuyankha kuti mabedi ndi zipangizo zifika Marichi asanathe, azamba nawonso abwera. Lero tili mu Meyi. Ndinapitako Lachiwiri. Loko wachita dzimbiri, mapulasitiki akali pa zogwirira zitseko, mavu amanga zisa pakhonde. Nditasuzumira pawindo, mkati mulibe ngakhale benchi, mawaya a magetsi akungolendewera kudenga.

Chandisowetsa tulo ndi gogo wina amene anabwera ku ofesi dzulo. Mdzukulu wake matenda anamuyamba pakati pa usiku, atafika pa kilinikipo anauzidwa kuti apite ku chipatala chachikulu. Galimoto inapezeka patatha maola awiri, mwana nkubadwira pampando wakumbuyo. Mulungu anachita chisoni, onse ali moyo. Gogoyo sanakalipe ayi. Anangokhala pansi, nkumasula mfundo ya chitenje, nkutulutsa kadi la sikelo, nkundifunsa kuti, "Mwanangu, nyumba ija munamangira ndani?" Ndinasowa chonena.

Ndinalembanso funso lija kuti abwana alifunse kachiwiri, koma a ku ofesi ya Clerk (mlembi wamkulu wa Nyumba) alibweza, akuti linayankhidwa kale m'chigawo chomwe chino cha Nyumba (chaka chino cha zokambirana). Abwana akufuna kuti Nyumba ikamadzakumana mu Juni tikhale titapeza polowera.

a Tembo: Pepani amayi, nkhani yowawa iyi. Ine ndikanati abwana aimirire pa point of order (kudandaula kwa a Sipika kuti malamulo a Nyumba aphwanyidwa) tsiku loyamba lomwe, anene poyera kuti nduna inanamiza Nyumba. Zithunzi muli nazo. Muikenso pa Facebook, muona mmene athamangire.

a Mwale: A Tembo, imeneyo igwa m'njira. Point of order imafuna kuti uidzutse pomwe cholakwikacho chachitikira, osati patapita miyezi isanu ndi iwiri. Komanso mawu oti munthu wanama saloledwa m'Nyumba, a Sipika angowauza abwana kuti awabweze, nkhani ya matenite nkutherapo, madzulo pa wailesi nkumamveka za kukangana kwa aphungu basi. Ndipo kulephera kukwaniritsa lonjezo si kunama, ndi mlandu wina, uli ndi khomo lakelake. Za Facebook musiyire abwana eni ake ngati afuna. Ife ndife antchito a Nyumba ya Malamulo, osati a chipani, tisaiwale chimenecho.

aNaphiri, tisanapite kutali, mwawerenga Hansard (buku la zonse zolankhulidwa m'Nyumba) ya tsiku limenelo kapena mukunena zimene munamva pa Parliament Radio?

aNaphiri: Ndinamvera pa wailesi, a Mwale, ndinalemba m'kabuku nthawi yomweyo.

a Mwale: Kabuku sikakwanira. Pitani pa webusaiti ya Nyumba ya Malamulo, mufufuze zokambirana za tsikulo, musindikize tsamba lenilenilo. Muwerenge liwu ndi liwu. Mayankho amenewa amalembedwa ndi akatswiri a ku unduna, anthu odziwa poika phazi. Khutu limamva "tidzachita", koma papepala pamakhala kamchira koti "ndalama zikapezeka". Ndakhala mu ofesi muno ndi aphungu atatu osiyana, ndipo kamchira kameneka kandigwetsapo kangapo.

aNabanda: Pamene mukufufuza Hansard, ine ndifunse za kwathu komwe. Mwati mawaya akulendewera. Kodi kukoka magetsi ndi madzi kunali mu BOQ (mndandanda wa ntchito ndi zipangizo ndi mitengo yake) ya pulojekitiyo? Nanga nyumbayo inaperekedwa mwalamulo kwa a zaumoyo, pali kalata yosainidwa? Ndikufunsa chifukwa ife tinapsa nazo. Tinamanga nyumba ziwiri za aphunzitsi, abwana nkukadzuma m'Nyumba kuti bwanji sizikugwira ntchito, yankho nkubwera loti sizinaperekedwe ndipo zilibe zimbudzi. Tinachita manyazi osaneneka. Chiyambire pamene CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu 2022, kenako K28.3 miliyoni mu 2023 ndi K30.6 miliyoni mu 2024, yankho losavuta kwa nduna iliyonse ndi loti "olemekezeka agwiritse ntchito CDF yawo". Mukapita ndi mpata woterowo, alowera pomwepo.

aNaphiri: Ndabwerako. Mawu a akulu akoma akagonera, nonse awiri munalasa.

Hansard ikuti zipangizo ndi mabedi zifika Marichi asanathe, pamenepo palibe kamchira. Koma za azamba, nduna inati adzatumizidwa boma likadzalemba antchito ena, ndalama zikalola. Ine m'mutu mwanga ndinaziphatikiza zonse ngati lonjezo limodzi.

Za BOQ, ndatsegula fayilo. Kuyala mawaya mkati kunalimo, koma kulipira kuti magetsi alumikizidwe ku pholo kunaiwalika. Thanki ya madzi ilipo, pampu palibe. Kalata yopereka nyumbayo ilipo, inasainidwa mu Okutobala. Ndiye mbali ina ya vutoli ili pakhomo pathu pomwe. Mtima wanga wagwa pansi.

aNabanda: Musagwe mphwayi, asisi. Bola mwaziona nokha lero, kusiyana nkuti akakuuzeni pa Parliament TV dziko lonse likuonera. Lembani kalata mawa lomwe kuti nkhani ya magetsi ndi pampu ilowe pa msonkhano wotsatira wa komiti ya CDF, ndipo a Ward Development Committee (komiti ya chitukuko ya m'wodi) a kumeneko alembenso yawo yoikira kumbuyo. Mukakhala ndi maminitsi osonyeza kuti mbali yanu mwaiyamba, abwana akaima ndi mapazi awiri.

a Zulu: Ndalowa mochedwa, ndinali ku Manda Hill, ku Nyumba ya Malamulo, tsiku lonse. Ndawerenga zonse. aNaphiri, muli ndi nkhani ziwiri ndipo iliyonse ili ndi njira yake, musazimange mtolo umodzi.

Yoyamba, ya zipangizo, ndi lonjezo lenileni: lili ndi chinthu, lili ndi tsiku, linanenedwa m'Nyumba. Zoterezi mwini wake ndi Committee on Government Assurances. Ntchito ya komiti imeneyi ndi kutola malonjezo amene nduna ndi a Vice President apereka m'Nyumba, nkumawalondola mpaka akwaniritsidwe. Amaitana alembi aakulu a maunduna kuti adzafotokoze pamene pafika ntchito, nthawi zina amapita kukaona okha ndi maso, ndipo sakhutira akapanda kuona umboni, nkhaniyo amaisiya yotsegula mu lipoti lawo kufikira chaka chinacho. Ubwino wake ndi woti amene amakhala pampando woyankha ndi mkulu wogwira chikwama cha unduna, ndipo pamaso pa komiti munthu sangangonena za m'mutu, poti lamulo la Powers and Privileges limapatsa makomiti mphamvu yoitana mboni ndi zikalata. Abwana alembe kalata kwa wapampando wa komitiyo kudzera ku ofesi ya Clerk. Muikemo tsiku la yankho, nambala ya funso, tsamba la Hansard, kalata yopereka nyumba ija, ndi zithunzi zokhala ndi madeti. Fulumirani, chifukwa malipoti a makomiti amakonda kulowa m'Nyumba mu Juni ndi Julayi. Lipoti likavomerezedwa, boma limayenera kubwera ndi Action Taken Report yonena chimene lachita pa mfundo iliyonse. Njira imeneyi ndi yoyenda pang'onopang'ono, sindikubisirani, koma imasiya mapazi papepala, ndipo ofisala amene fayilo ili pa desiki yake amadziwa kuti chaka chamawa adzafunsidwanso.

Yachiwiri, ya azamba, si lonjezo lomwe mungagwire ndi dzanja. Pamenepo pakufunika funso latsopano. A Clerk sanalakwe kubweza lija, munabwereza lomwelo. Chigawo chatsopano chimayamba mu Seputembala a Pulezidenti akatsegula Nyumba, koma palibe chifukwa chodikira mpaka kumeneko. Musafunsenso kuti "idzatsegulidwa liti". Funso la "liti" ndi limene limabala "ndalama zikapezeka". Funsani zinthu zimene zili kale m'mafayilo awo, zimene yankho lake ndi nambala kapena deti.

aNaphiri: A Zulu, ndipatseniko chitsanzo. Ine mafunso anga onse amayamba ndi "liti".

a Zulu: Mwachitsanzo: malo a azamba ovomerezeka pa kiliniki imeneyi ndi angati, ndipo odzazidwa ndi angati? Kodi unduna unapempha chilolezo ku Treasury (osunga chuma cha boma) cholembera azamba a matenite atsopanowa, ndipo ngati unapempha, linali tsiku liti? Ngati sunapemphe, chifukwa chake nchiyani? Mwaona, palibe pothawira. Akati sitinapemphe, ndiye kuti avomera okha. Akati tinapempha mwezi wakuti, mwapeza deti latsopano lolondola.

Musaikemo mawu odandaula kapena oweruza, monga "modabwitsa" kapena "mosasamala", a Clerk adzawadula. Funso likhale louma.

a Mwale: Ndionjezepo apa, chifukwa anzathu atsopano ambiri sachimvetsa. CDF imamanga makoma, imagula ngakhale mabedi komiti ikafuna, koma siilipira malipiro a mzamba. Mzamba amabwera pokhapokha malo ake ali pa establishment (mndandanda wa malo a ntchito ovomerezedwa ndi boma) ndipo Treasury yavomera kumulipira. Mu 2022 boma linalemba antchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, koma nyumba zimene zamangidwa pambuyo pake sizinali m'chiwerengero chimenecho. Ndiye nyumba ikamamera, funso la antchito liyenera kupita nthawi yomweyo, maziko asanaume. Ambiri timadikira denga.

Onaninso mu Yellow Book (buku la bajeti ya boma) ya chaka chino kuti pa zipangizo za m'zipatala panaikidwa zingati. Abwana akadziwa nambalayo, funso lotsatira la pompopompo limakhala ndi mano: Nyumba ino inavomereza ndalama zakuti, zatulutsidwa zingati? Paja amene amavomereza bajeti ndi aphungu omwewo, ndipo Article 63 ya Malamulo a dziko imawapatsa udindo woyang'anira mmene boma likugwirira ntchito. Akamafunsa sakupempha chifundo.

a Tembo: Ndamva, point of order ndaisiya. Koma nanga Lachisanu, nthawi ya mafunso kwa a Vice President? Pamenepo sipafuna kudikira Order Paper (mndandanda wa zokambirana za tsikulo).

a Zulu: Ndi yabwino pokumbutsa, abwana akapeza mpata. Koma ofuna kufunsa amachuluka, nthawi ndi yochepa, ndipo a Vice President sangakhale ndi fayilo ya kiliniki imodzi m'manja. Adzayankha za dziko lonse. Ikhale ndiwo yoonjezera chabe.

aNabanda: Funsolo likhale lofuna yankho la pakamwa kapena lolembedwa? Ine ndimakonda lolembedwa pa nkhani za manambala, chifukwa limabwera ndi tebulo lonse ndipo umalisunga.

a Zulu: Pa iyi ndingasankhe la pakamwa. Limapatsa abwana mpata wofunsa lotsatira nduna ili chiimire, ndipo aphungu ena amene ali ndi matenite okhoma kwawo amalumphirapo. Nkhani ya kiliniki imodzi imasanduka ya madera khumi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma muwakonzeretu abwana mafunso otsatira awiri kapena atatu papepala, limodzi la akati "tinapempha", lina la akati "sitinapemphe", ndi lina la akawabwezera za magetsi.

aNaphiri: Pali china chimene chikundivuta. Sisitala wamkulu wa pa kilinikipo anandinong'oneza chiwerengero cha amayi amene amawatumiza kwina mwezi uliwonse. Nambalayo ndi yoopsa. Ndingaiike m'kalata ya ku komiti?

a Mwale: Ayi amayi, chonde musatero. Iyeyo ndi wantchito wa boma, saloledwa kutulutsa za m'kaundula popanda chilolezo. Nambala ikangomveka m'Nyumba, aliyense adziwa kumene yachokera, mudzamva kuti wasamutsidwira kutali, ndipo tsiku lina simudzapezanso wokuuzani zoona. Isandutseni funso: amayi oyembekezera angati anatumizidwa kuchoka pa kiliniki imeneyi kupita ku zipatala zina kuyambira Okutobala mpaka Epulo? Nduna ibweretse yokha nambalayo. Ikasiyana ndi imene mukuidziwa, pamenepo mudzadziwa pokumba.

Umboni wa anthu mungautenge kwa a Neighbourhood Health Committee (komiti ya zaumoyo ya m'mudzi) ndi a SMAG (gulu la anthu odzipereka pa uchembere wabwino), amene amaperekeza amayi usiku. Iwowo ndi anthu wamba, akhoza kulemba kalata nkusaina popanda mantha a ntchito. Ndipo gogo uja ndi mdzukulu wake musawajambule, musatchule maina awo pena paliponse pokhapokha atavomera okha, atamvetsa bwino kumene nkhaniyo ikupita.

aNaphiri: Zikomo a Mwale, ndikanamupweteka munthu wosalakwa. Nali funso mmene ndalilembera, mundikonze:

Malo a azamba ovomerezeka pa kiliniki imeneyi ndi angati, ndipo odzazidwa ndi angati pofika Epulo. Kodi chilolezo cholembera azamba a matenite atsopano chinapemphedwa ku Treasury, ndipo ngati ndi choncho, tsiku liti. Amayi oyembekezera angati anatumizidwa kwina kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Nanga boma laika njira yotani yothandizira amayi obereka usiku pamene matenite sanatsegulidwe.

a Zulu: Lili bwino. Gawo lomalizalo mwaganiza bwino, ndi limene lingabweretse ngakhale ambulansi yogona pamalopo. Pa gawo loyamba lembani deti lenileni, 30 Epulo, osangoti Epulo. Mukalimasulira m'Chingerezi munditumizire ndione mawu ake lisanapite. Kalata ya ku komiti isatchule za azamba ngakhale pang'ono, ikhale ya zipangizo zokha, ndipo munenemo nokha kuti za magetsi ndi pampu zili m'manja mwa komiti ya CDF, ndi tsiku la msonkhano wake.

aNabanda: Ndili ndi kalata imene tinalembera komiti yomweyo chaka chatha, ndifufute maina ndikuponyereni usiku uno kuti muone kaikidwe kake.

aNaphiri: Ndithokoze nonse. Abwana ndawaimbira, avomera kusaina makalata onse awiri mawa m'mawa asanapite ku maliro. Msonkhano wa komiti ya CDF uli Lachinayi la sabata yamawa, mlembi wavomera kuika magetsi ndi pampu pa ajenda. A Zulu, Chingerezi chija ndikutumizirani isanakwane 8 koloko. Loweruka ndipita kwa gogo uja ndikamuone mwana, ndikawauzenso za pampu ndi magetsi, kuti mbali imeneyo tinaiwala ndife.