Ndalama za mbatatesi tizisunge m'golide kapena mu Bitcoin?

Nambewe, Lizulu:
Akuluakulu, thandizeni nzeru. Kalabu yathu ya alimi a mbatatesi yatsala ndi K3 miliyoni titagulitsa, ndipo ndalamazi zidzafunika pogula feteleza miyezi 6 ikubwerayi. Ku banki zikungosungunuka. Ena akuti tigule golide, achinyamata akuti Bitcoin (ndalama ya pa intaneti), wina akuti tibwereketse boma. Njira iti yoti tisalire nayo?

Jere, Ntcheu Boma:
Mayi Nambewe, tiyambe ndi chomwe chikudya ndalama zanuzo. Boma likamawononga zambiri kuposa zomwe MRA yatolera, limabwereka m'dziko momwemuno pogulitsa ma Treasury bill, zikalata za ngongole zomwe limabweza ndi chiwongoladzanja pakatha masiku 91, 182 kapena 364. Mabanki amakonda kubwereketsa boma kusiyana ndi mlimi, poti boma limalipira bwino. Boma likakatenganso ngongole ku Reserve Bank, makwacha amachuluka pamsika pamene madola akusowa, ndiye mitengo imakwera. Pofuna kuletsa zimenezi Reserve Bank imakweza chiwongoladzanja, monga idachitira mu February 2024 pofika nacho pa 26 peresenti. Koma chikakwera, ngongole ya boma lomwelo imalemeranso, n'kukabwerekanso kuti lilipire.

Tiwerengere ndi manambala a 2024. Bill ya masiku 364 inkapereka 26 peresenti: pa K3 miliyoni ndi K780,000. Achotsepo msonkho wa 20 peresenti, K156,000, mutsale ndi K3,624,000. Chaka chimenecho mitengo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, kutanthauza kuti katundu wa K3 miliyoni ankafuna K3,900,000. Mwaluzabe, kungoti pang'ono. Ndipo za masiku 91 ndi 182, zomwe zikugwirizana ndi nthawi yanu, zinkapereka zocheperapo. Chopweteka kwambiri ndi kugwa kwa kwacha. Mu November 2023 dola idachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. K3 miliyoni inali madola oposa 2,500, kutacha inali 1,765. Feteleza amagulidwa kunja ndi madola, choncho mtengo wake umatsata dola, osati chiwongoladzanja cha bill.

Phiri, Dedza:
A Jere anena zoona, ine nditengepo za golide. Vuto si mtengo wake pa dziko lonse. Vuto ndi golide amene mlimi wa ku Lizulu angamupeze. Tikanena golide wosungira chuma timanena za timatabwa toyengeka tokhala ndi chidindo ndi satifiketi. Amene adzabwere naye munthu m'kabotolo ndi wa fumbi wochokera kumitsinje, monga ku Lisungwi kapena ku Makanjira, ndipo kugula ameneyo kumafuna laisensi ya boma. Kalabu yopanda laisensi ikapezeka naye, alandidwa, mlandu pamwamba.

Chinyengo chake n'chosavuta: amapala mkuwa wachikasu n'kusakaniza ndi fumbi lenilenilo. Fumbi simungaliyese ndi maso. Asidi wa nitric amasungunula mkuwa n'kusiya golide, koma ndi woopsa, si woti azigwiridwa pabwalo la kalabu. Kachibuma kolimba mutha kukayesa ndi madzi. Pezani sikelo yowerenga mpaka 0.01 gramu. Yezani kachibumako, tinene kuti ndi magalamu 10. Ikani kapu ya madzi pasikelo, bwezani pa ziro, mangani kachibumako ndi ulusi, kamizeni osakhudza pansi pa kapu. Golide weniweni awonetsa pafupifupi 0.52, mkuwa wachikasu pafupifupi 1.18. Gawani 10 ndi nambala imeneyo: woyengeka bwino amapereka 19.3, mkuwa wachikasu 8.5. Wa kumtsinje amagwera pansiko poti amakhala ndi siliva. Ndipo amene adagwiridwa ndi mercury amapepuka akamuotcha, ndiye magalamu amene mwalipira si amene mudzagulitse.

Pogulitsa, wogula wodziwika ndi Reserve Bank, yomwe idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Amalipira makwacha, pa mtengo wawo, atamuyeza okha. Musaiwalenso kuti golide amagwa: adachoka pa madola pafupifupi 1,900 pa aunsi mu 2011 n'kufika cha m'ma 1,050 mu 2015. Aunsi imodzi ndi magalamu 31.1. Ndi chuma chodikira zaka, miyezi 6 ayi.

Maseko, Tsangano:
Bitcoin ndiye musayese ndi ndalama za gulu, amayi. Mu November 2021 inali pafupifupi madola 69,000, patatha chaka chimodzi inali 16,000. Muuza chiyani anthu pa msonkhano?

Achinyamata anuwo mwina akunena za USDT, ndalama inanso ya pa intaneti yomwe amaisunga kuti izifanana ndi dola imodzi. Iyo sidumphadumpha, koma misampha ilipo. Mumagula kwa munthu mnzanu, inu n'kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, pa mtengo wa dola wa pa bulaki womwe uli pamwamba kwambiri kuposa wa ku banki. Mtengo wa pa bulakiwo ukatsika, mwaluza ngakhale dola isanasunthe. Wogulitsa akati mumalizire pa WhatsApp, kunja kwa app yomwe imagwira ndalama mpaka onse awiri atakhutira, dziwani kuti zapita. Mukatumiza pa netiweki yolakwika, kawirikawiri sizibwerera. Ndiye pali mawu 12 achinsinsi otsegulira chikwama cha pa foni chosungiramo ndalamazi: amene wawadziwa ndiye mwini ndalama zonse, popanda siginecha ya wapampando kapena msungichuma. Mukazisiya pa kampani, kumbukani FTX yomwe idagwa mu November 2022 ndi ndalama za anthu. Reserve Bank idanena kale mu 2019 kuti zimenezi si ndalama zovomerezeka kuno, ndiye zikasowa palibe ofesi yokadandaula.

Jere, Ntcheu Boma:
Mayi, poti chomwe mukufuna ndi feteleza, gulani fetelezayo lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tengani matumba kwa wogulitsa wovomerezeka, osati kapepala koti mudzatenge mtsogolo. Aikeni pa mitengo, asagunde simenti kapena khoma, chifukwa urea imakoka chinyezi n'kuuma gwa, makamaka ndi nkhungu ya kwanuko. Matumba awerengedwe pamaso pa komiti, makiyi akhale kwa anthu awiri. Zotsala zolipirira aganyu ndi thiransipoti ndizo muike pa bill ya masiku 91 kudzera ku banki yanu, ndipo muwauze polemba kuti ikakhwima asaibwezerenso okha.